Kuzizira konseku, mbalame mukaziona kuti? Yankho kwa achemwali a ku Preston

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku Preston, kumpoto chakumadzulo kwa England. Anafika kuno chaka chatha ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Mnzawo wa kuntchito, mzungu wachikulire, ali m'kalabu ya anthu oonera mbalame, ndipo wawaitana kuti adzapite nawo pa ulendo wa kalabuyo mu Januwale. Mayiwa analemba kuti: "Ine ndimamva kuti kukazizira mbalame zonse zimathawira ku Africa. Nanga ifeyo tikaona chiyani? Ndivale chiyani kuti ndisakaume? Zifuna ndalama zingati? Komanso ndifunse mosabisa, kodi munthu wakuda sindikakhala ndekhandekha pagulupo?"

Achemwali, pitani. Ndikuyankhani pano chifukwa alipo ambiri amene nyengo yozizira amangoidziwira pazenera la basi popita ndi pobwera kuntchito, ndipo zimandiwawa kuti chinthu chokongola chotere chikuchitika makilomita ochepa chabe kuchokera pamene akugona.

Zoti mbalame zina zimathawa ndi zoona ndithu. Anamzeze a kuno amanyamuka mu Seputembala ndi Okutobala, amawoloka chipululu cha Sahara, mpaka kukafika ku South Africa. Anthu anatsimikiza zimenezi mu Disembala 1912, pamene namzeze amene anamuveka kamphete pamwendo ku Staffordshire mu 1911 anakapezeka ku Natal. Mbalame ya kuno yotchedwa cuckoo imakatsirizira chaka m'nkhalango za ku Congo, ndipo osprey, chimbalame chodya nsomba, amatsikira ku Senegal ndi Gambia. Zambiri mwa mbalame zochokazi zimadalira tizilombo, ndipo kukazizira tizilomboto timasowa. Koma pamene izi zikupita kumwera, kumpoto kukuchokera zina, zazikulu matupi ndiponso zoyenda m'magulu aakulu zedi. Atsekwe, abakha, ma swan (zimbalame zoyera zam'madzi za makosi aatali) ndi timbalame ta m'matope zimachokera ku Iceland, Greenland, Svalbard, kumpoto kwa Canada, Scandinavia ndi Siberia. Kwa izo, England ndiye dziko lofunda.

Chifukwa chake ndi nyanja. Preston ali kumpoto kwambiri, pamzere umodzi ndi madera ena a ku Canada ndi Russia kumene mitsinje imauma gwaa miyezi ingapo. Koma m'nyanja ya Atlantic mumayenda madzi ofundirapo ochokera kumwera chakumadzulo, ndipo ndi amene amachititsa kuti magombe a Britain asaundane. Pamene mitsinje imathira m'nyanja pamakhala matope, makilomita ndi makilomita, odzaza nyongolotsi, tinkhono ndi tizamoyo tina. Mbalame yochokera kumene nthaka yauma ndi chisanu ikafika pa matope otere yafika pa chakudya. Ndipo inu achemwali mwakhala pabwino osadziwa. Mtsinje wa Ribble umene umadutsa mu Preston umakathira m'nyanja pakati pa Lytham ndi Southport, ndipo malo amenewo, pamodzi ndi Morecambe Bay kumpoto kwanu ndi mtsinje wa Dee kumwera, ali m'gulu la malo amene amasonkhana mbalame zam'madzi zochuluka kwambiri mu Britain yense.

Ndiyambe ndi atsekwe a miyendo yapinki, pink-footed geese, chifukwa mwina mwawamvapo kale akudutsa pamwamba pa nyumba yanu. Amaswana ku Iceland ndi kum'mawa kwa Greenland, ndipo amayamba kufika ku Lancashire mu Seputembala. Mu Okutobala amachuluka kwambiri, kenako ena amapitirira ku Norfolk, koma ambiri amatsala mpaka cha mu Epulo. Usiku amagona pamchenga pakati pa madzi, kumene nkhandwe sizingawafikire, ndipo m'mawa amauluka kupita m'minda kukatola mbatata ya kachewere ndi tirigu wotsalira pokolola. Kalabu ikanena kuti tikumane ku Marshside, pafupi ndi Southport, kusanache, musadandaule ndi tulo. Mumaima pakhoma lotchinga nyanja, kuli mbuu, manja m'matumba, mphuno ikuwawa. Poyamba mumangomva phokoso patali, losokonekera, lokwera pang'onopang'ono. Kenako gulu loyamba limadzuka, lachiwiri, lachitatu, mizeremizere yodzaza thambo, ndipo akamadutsa pamutu panu mumamva kulira kwawo kothina, wink-wink, pamodzi ndi mkokomo wa mapiko. Anthu amene amacheza za mpira mphindi zisanu zapitazo amangoti zii, makosi m'mwamba. Zimatha msanga, mwina theka la ola, kenako wina amatsegula fulasiki ya tiyi.

Malo amene kalabu iliyonse ya m'dera lanu siyiwaphonya ndi Martin Mere, pafupi ndi Burscough. Amawayang'anira ndi a WWT, bungwe loteteza madambo ndi mbalame zam'madzi limene Peter Scott anayambitsa ku Slimbridge mu 1946, ndipo Martin Mere anatsegulidwa mu 1975. Kwa munthu woyamba kumene ndi malo abwino kuposa onse, chifukwa njira zake ndi zosalala, pali zimbudzi ndi pogulira tiyi, ndipo tinyumba tobisaliramo, timene amati ma hide, tili m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Kumeneko mukaona ma whooper swan ochokera ku Iceland. Awa ndi osiyana ndi ma swan a m'mapaki aja, a mulomo wofiirira wokhala ndi chotupa chakuda pamphumi, amene amakhala kuno chaka chonse. Whooper ali ndi mulomo wachikasu ndi wakuda, khosi amaliimika chilili, ndipo amalira mokweza. Amawoloka makilomita opitirira 800 pamwamba pa nyanja, ndipo amabwera banja lonse, bambo, mayi ndi ana a chaka chomwecho. Anawo mudzawazindikira, nthenga zawo ndi zotuwa. Chakumadzulo, kawirikawiri wogwira ntchito pamalopo amabwera ndi wilibala ya tirigu n'kumamwaza m'mphepete mwa madzi kutsogolo kwa hide. Ma swan amabwera mpaka pafupi kwambiri moti mumaona madontho a madzi pankhope pawo. Yang'anitsitsani mabanja awiri akakumana: akuluakulu amatambasula mapiko, kugwedeza makosi, kukuwa, ana ali kumbuyo, ndipo banja limene lapambana limakuwanso pamodzi posangalala. Pakati pa miyendo yawo pamapanikizana abakha, pochard wa mutu wofiira, pintail wa mchira wosongoka, wigeon amene amaimba likhweru. Ena mwa ma swan ali ndi mphete za zilembo pamwendo, ndipo mukawerenga zilembozo n'kuuza ogwira ntchito, angathe kukuuzani kumene mbalameyo inavekedwa ndi zaka zimene yakhala ikubwera.

Tsopano ndifike pa chifukwa chachikulu chimene ndikunenera kuti mupite ndi kalabu, osati nokha ndi Google Maps. Nyanja ya kuno imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Ife a ku Malawi zimenezi sitinakule nazo. Nyanja yathu imachita mafunde mwera ukaomba, imakwera ndi mvula n'kutsika m'chilimwe, koma siithawa gombe m'mawa n'kubwerera masana. Kuno madzi amachoka mpaka osaoneka, kusiya matope ndi mchenga, ndipo pakatha maola pafupifupi asanu ndi limodzi abwerera. Nthawi yake imasuntha tsiku lililonse, pafupifupi mphindi 50, ndipo madzi amakwera kwambiri masiku otsatira mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa. Ku Morecambe Bay kusiyana kwa pamene aphwera ndi pamene adzazira kumafika mamita 10. Mukapita madzi ataphwa, mbalame zili kutali, timadontho tosaoneka, ndipo mudzabwerera mukunena kuti kulibe kanthu. Mukapita ola limodzi kapena awiri madzi asanadzaze, nyanja yokha ndiyo imakankhira mbalamezo kwa inu. Atsogoleri a kalabu amakonza maulendo awo miyezi isanafike akuyang'ana ndandanda ya madzi, ndipo amadziwa kuti pa madzi okwera chonchi muyime pati. Nzeru imeneyi munthu saipeza pa foni tsiku limodzi.

Palinso za moyo wanu. Madzi a ku Morecambe Bay amabwera mothamanga, amadzaza mifuleni kumbuyo kwa munthu iye akuyang'ana kutsogolo, ndipo pali malo a mchenga womeza. Pa 5 Febuluwale 2004, anthu osachepera 21 ochokera ku China, amene amatola nkhono pamchengapo usiku, anamira. Anali alendo m'dziko muno, ogwiritsidwa ntchito ndi anthu amene sanasamale za moyo wawo, ndipo nyanjayo sankaidziwa. Nkhani imeneyi imandikhudza mpaka lero. Musadzatsikire pamchenga kapena m'dambo la m'mphepete mwa nyanja kutsatira mbalame. Imani pakhoma, panjira, kapena mu hide.

Madzi akamadzaza mudzaona timbalame totuwa totchedwa knot, tocheperapo poyerekeza ndi nkhunda, timene timaswana ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada n'kudzera ku Iceland pobwera. Kamodzi kokha sikangakukopeni. Koma tikadzuka masauzande nthawi imodzi, timaoneka ngati nkhungu zija zimatuluka pa nyanja ya Malawi n'kumaoneka kuchokera kumtunda, kusiyana kwake n'koti gululi limatembenuka lonse pamodzi, pena lakuda, pena loyera mbee pamene mimba zonse zaloza kwa inu. Kawirikawiri mukaona gulu likuchita zimenezi mwadzidzidzi, yang'anani pamwamba pake, pamakhala peregrine, mbalame yolusa yogwira zinzake, akusaka. Malo otchuka kwambiri pa zimenezi ndi Snettisham ku Norfolk, ndipo makalabu ena amakonza ulendo wogona komweko, koma pa Ribble ndi Morecambe Bay mudzaziona osapita kutali. Kalabu ikadzanena za Parkgate, pa mtsinje wa Dee, yesetsani kupempha tsiku kuntchito. Madzi akakwera kwambiri, makamaka mphepo ikamachokera kumadzulo, dambo lonse limamira, mbewa ndi timbalame tobisala muudzu timathawira kumtunda, ndipo akadzidzi osaka masana, short-eared owl, ndi mbalame ina yolusa, hen harrier, amauluka motsika pamaso panu. Si ulendo uliwonse umene madzi amafika pakhoma. Okhazikika amadziwa zimenezo ndipo amabwerabe.

Madzulo ndi a ma starling, timbalame takuda toyenda m'magulu. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, a kuno amaphatikana ndi ena ochokera ku Scandinavia ndi kum'mawa kwa Ulaya, ndipo dzuwa likamalowa amasonkhana n'kumazungulira mumlengalenga asanagwere pogona. Kwa inu pafupi ndi Blackpool, pa North Pier, kumene amagona pansi pa zitsulo, ndipo simulipira kanthu kuima pagombe. Zaka zina amagona m'mabango a ku Leighton Moss, malo a bungwe loteteza mbalame la RSPB pafupi ndi Silverdale. Malo amenewa ndimawakonda chifukwa sitima imakusiyani mphindi zochepa kuchokera pakhomo, ndipo m'mabango mwake mumabisala bittern, mbalame yamanyazi yofanana mtundu ndi bango louma. Kukazizira mpaka madzi kuundana m'mbali, imatulukira poyera kufuna chakudya. Mukhoza kukhala ola lathunthu mukuyang'ana mabango okhaokha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Si zonse zili kunyanja. M'mapaki ndi m'mipanda ya mitengo mu Preston momwemo mumafika redwing ndi fieldfare kudzadya zipatso. Redwing muzindikire ndi mzere woyera pamwamba pa diso ndi kufiira pansi pa phiko. Zaka zina, zipatso zikasowa ku Scandinavia, kumabwera ma waxwing ambiri, mbalame za chisunzi pamutu, ndipo nyengo ya 2023 mpaka 2024 inali imodzi mwa zaka zoterozo. Amakonda mitengo ya rowan yobzalidwa m'mbali mwa misewu ndi poimika galimoto pa masitolo aakulu, choncho mukaona anthu ovala majekete obiriwira ataloza makamera pamtengo kuseri kwa sitolo, imani nanu. Mudzakumananso ndi anzathu akwathu. Akakowa aja amatsata ng'ombe kumadambo tsopano amaswana mu England, anayamba ku Somerset mu 2008, ndipo kakowa wina woyera wa miyendo yakuda ndi zala zachikasu, little egret, anayamba kuswana ku Dorset mu 1996 ndipo lero ali m'magombe onse a kwanuko. Tsekwe wa banga pamaso amene mumamuona pa Shire, Egyptian goose, anabweretsedwa kuno kalekale ngati chokongoletsa ndipo anakhazikika, makamaka ku Norfolk ndi m'mapaki a mu London. Tsiku limene mudzaone kakowa ataima m'dambo la chisanu mudzandiuze mmene mtima unachitira.

Za ndalama. Makalabu a kuno ndi a mitundu iwiri: ena ndi magulu a m'madera a RSPB, bungwe limene linayamba ku Manchester mu 1889 ndi amayi otsutsa kupha mbalame pofuna nthenga zokongoletsera zipewa, ndipo ena ndi oyima paokha a m'tauni kapena m'boma. Onse amayendetsedwa ndi anthu odzipereka, osalipidwa. M'miyezi yozizira amakumana madzulo mu holo ya tchalitchi kapena ya m'dera, wina amaonetsa zithunzi ndi kufotokoza, pamakhala tiyi ndi mabisiketi, ndipo pakhomo mumasiya mapaundi ochepa. Maulendo ambiri amayenda pa galimoto za mamembala. Mukakwera ya wina, sonkhani ya mafuta musanafunsidwe, ngakhale akane ulendo woyamba. Ulendo wautali amachita hayala basi ndipo mtengo wa mpando amaulengeza pasadakhale. Makalabu ambiri amalola mlendo kubwera kudzaona kaye asanalembetse. Ku Marshside ndi ku Brockholes, amene ali m'mphepete mwa Preston pafupi ndi msewu wa M6, kulowa n'kwaulere, mumalipira poimika galimoto basi. Ku Martin Mere ndi ku Leighton Moss amene si membala amalipira pakhomo, choncho funsani mnzanuyo mtengo wa chaka chino. Nyamulani chakudya chanu, chifukwa malo ambiri alibe sitolo, ndipo kumene ilipo sangweji imadula.

Binoculars musagule kaye. Uzani mtsogoleri pasadakhale kuti mulibe, pafupifupi nthawi zonse pamapezeka wina amene ali ndi yachiwiri m'galimoto, ndipo malo aakulu amabwereketsa. Mukadzafuna yanu, funani yolembedwa 8x42: imakuza kasanu ndi katatu, ndipo galasi lake la mamilimita 42 limalowetsa kuwala kokwanira masiku a mitambo. Yokuza kwambiri imanjenjemera m'manja ozizira. Telesikopu isakudetseni nkhawa. Amene ali nayo amasangalala kuitana munthu watsopano kuti adzaone, ndipo akakuitanani pitani msanga mbalame isanauluke, koma musagwire miyendo ya telesikopuyo. Pafoni mukhoza kuika Merlin, pulogalamu yaulere ya Cornell Lab imene imathandiza kuzindikira mbalame ndi kulira kwake, koma tsiku loyamba foniyo ikhale m'thumba, mumvere anthu.

Pa zovala ndikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagonjera. Kuzizira kwa munthu woyenda kuchoka pa basi kulowa m'nyumba n'kosiyana ndi kwa munthu amene waima malo amodzi maola awiri mphepo ya panyanja ikumuomba. Jekete limodzi lalikulu silikwana. Mkati valani malaya ndi buluku zothina zosunga kutentha, zimene amati thermal, ndipo m'masitolo otchipa zilimo. Pamwamba pake juzi, mwina awiri opyapyala, kenako jekete losalowa madzi ndi mphepo. Jinzi ikanyowa siuma tsiku lonse ndipo imakuba kutentha, ndiye ngati mulibe buluku lina, gulani lapulasitiki lovala pamwamba. Chisanu chimalowera kumapazi: sokosi zaubweya, nsapato zosalowa madzi kapena majombo, zokulirapo pang'ono kuti zala zizitha kugwedera, chifukwa nsapato yothina imazizira kuposa yotakasuka. Chipewa chophimba makutu, sikafu, ndi magolovesi opyapyala mkati mwa okhuthala kuti muzitha kupotokola binoculars osavula onse. Mitundu yowala kwambiri isiyeni kunyumba, koma musagule zatsopano chifukwa cha mtundu wokha. Fulasiki ya tiyi wotentha ndi kanthu kotafuna, mtedza kapena mandasi, zimasintha tsiku lonse. Ngati mukuchokera ku shifiti ya usiku, musapite tsiku limenelo, thupi lotopa limazizidwa msanga. Mukaona kuti zala zachita dzanzi kapena mukunjenjemera osaleka, nenani, mukakhale m'galimoto. Palibe amene adzakusekeni. Kumbukiraninso kuti mu Januwale dzuwa limatuluka itakwana 8 koloko n'kulowa cha m'ma 4, ndiye ulendo wake sutalika.

Funso lanu lomaliza ndiliyankha mmene munalifunsira. Inde, mwina mudzakhala nokha wakuda. Makalabu ambiri ndi a azungu achikulire, ambiri opuma pantchito, ndipo m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja mukhoza kuona maso akukutsatani polowa mogulitsira tiyi. Ine zandichitikirapo kuti munthu wina mu hide anandifunsa ngati ndasochera, binoculars ili pakhosi panga. Zinandipweteka, ndipo sindinganene kuti n'zazing'ono. Vutoli ndi lodziwika, n'chifukwa chake mu 2020 Ollie Olanipekun ndi Nadeem Perera anayambitsa Flock Together ku London, gulu loonera mbalame la anthu akuda ndi ena osakhala azungu, kuti anthu azipita kutchire ali ambiri, mtima uli m'malo. Koma ndinenenso zimene ndaziona kwambiri: anthu a m'makalabuwa amada nkhawa kuti akukalamba ndipo atsopano sakubwera, ndiye munthu akafika ndi chidwi amamulandira ndi manja awiri. Inu muli ndi mwayi, mukupita ndi munthu wokudziwani. Khalani naye pafupi ulendo woyamba, ndipo wina akalankhula zosayenera, uzani mtsogoleri tsiku lomwelo.

Ndipo musapite modzichepetsa ngati simudziwa kanthu. Munakulira m'dziko la mitundu ya mbalame pafupifupi 650, pamene mndandanda wa Britain uli ndi mitundu yopitirira 600, ndipo zambiri mwa izo ndi zosochera zimene zinaoneka kangapo kokha. Mumadziwa kulira kwa njiwa masana, phokoso la pumbwa m'mamawa, nkhwali madzulo, nkhwazi panyanja. Amene tinakula tikuyenda ndi legeni ndi ulimbo tinaphunzira kuona kambalame katabisala m'masamba, ndipo diso limenelo silichoka. Mukadzangotchula Malawi, padzapezeka wina amene anapitako ku Liwonde kapena ku Nyika, kapena amene wakhala akulakalaka kupita, ndipo mafunso adzakhala ochokera kwa iwo. Za mbalame za kuno funsani momasuka, ngakhale dzina lomwelo katatu. Wina akati "three o'clock" sakunena nthawi, akutanthauza kuti yang'anani kudzanja lamanja, potengera kuti kutsogolo kwanu ndi 12 koloko.

Pali makhalidwe ochepa oti muwadziwe. Mu hide lankhulani motsitsa, tsekani chitseko pang'onopang'ono, ndipo musatulutse dzanja pazenera poloza. Chachikulu n'chakuti musadzidzimutse mbalame kuti ziuluke. M'nyengo imeneyi masana ndi aafupi, usiku ndi wautali, ndipo mbalame ikauluka mosafunikira yawononga mafuta amene imafuna kuti ifike m'mawa. Pa chifukwa chomwecho mudzaona mamembala akukwiya ndi eni agalu amene amawamasula pagombe, ndipo pamenepa ine ndili kumbali yawo. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limateteza mbalame zakutchire, zisa ndi mazira ake, choncho ana anu awuzeni kuti legeni kuno ndi mlandu. Mukamva mfuti m'dambo m'mamawa musadabwe, anthu amaloledwa kusaka mitundu ina ya abakha ndi atsekwe kuyambira 1 Seputembala mpaka 31 Januwale, ndipo m'mphepete mwa nyanja mpaka 20 Febuluwale. Mukapeza mbalame yakufa kapena yodwala musaigwire. Chimfine cha mbalame chavuta zaka zapitazi, ndipo m'nyengo ya 2021 mpaka 2022 chinapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a barnacle geese ochokera ku Svalbard amene amakhala ku Solway, kumalire ndi Scotland. Atsekwe amenewa anatsala mazana ochepa okha m'ma 1940, anthu anawateteza mpaka anafika masauzande makumimakumi, ndiye mudzamvetsa chifukwa chake akuluakulu ena m'kalabu amalankhula za nyengo imeneyo ndi chisoni. Uzani mtsogoleri, iye akudziwa kokanena.

Mudzaonanso anthu ena akulemba manambala m'kabuku. Ambiri mwa iwo amawerenga mbalame zam'madzi Lamulungu limodzi mwezi uliwonse, pa ntchito imene bungwe lofufuza za mbalame la BTO limayendetsa pamodzi ndi mabungwe ena, ndipo kuwerengaku kunayamba mu 1947. Manambala amenewo ndi amene amapereka umboni woti malo ngati Ribble atetezedwe pansi pa pangano la maiko loteteza madambo la Ramsar, lomwe lija linateteza nyanja ya Chilwa mu 1996. Ndi manambala omwewo amene aonetsa kuti ma Bewick's swan a ku Russia akufika ochepa kuposa kale, mwa zina chifukwa nyengo yozizira yafewa ndipo ambiri akuimira panjira osafika kuno. Inunso mukhoza kuyamba pang'ono: kumapeto a sabata yomaliza ya Januwale pamakhala Big Garden Birdwatch, imene RSPB yakhala ikuchititsa kuyambira 1979. Mumakhala ola limodzi pazenera kapena mu paki, kuwerenga zimene zatera, n'kutumiza pa intaneti. Ana amaikonda, ndipo safuna binoculars.

Mnzanuyo muyankheni sabata ino, chifukwa mipando m'galimoto imatha. Mumufunse zinthu zinayi: ulendowo ndi wa kuti, mukumana nthawi yanji, kumaloko kuli chimbudzi kapena ayi, ndipo ndani angakubwerekeni binoculars. Ngati tsiku la Januwale likuwombana ndi ntchito, pemphani la Febuluwale, koma musadutsitse pamenepo. Ma whooper swan amayamba kubwerera ku Iceland mu Malichi, ndipo ma starling amabalalika nthawi yomweyo.